Ndikaphunzire za zomera kapena ndingoweta njuchi ndi bambo?

Nachisale_Dedza
Moni akuluakulu nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano, lero ndalimba mtima kuti ndifunse. Ndinamaliza digiri ya zankhalango chaka chatha ndipo ndili kumudzi, ndikuthandiza bambo anga amene ali ndi ming'oma 14 m'tsinde mwa phiri. Aphunzitsi anga ena andilimbikitsa kuti ndifunsire sikolashipu ya masters, ndikafufuze mitengo ndi maluwa amene njuchi zimadalira m'nkhalango zathu za miombo. Nditawauza bambo anangoti, "Mwanawe, uchi anthu akugula lero, nanga mapepala akowo adzagula ndani?" Amalume nawo akuti za zomera ndi sukulu ya munthu wosowa kolowera. Koma ine mtima wanga uli komweko. Ndikaona duwa lachilendo sindipeza mtendere mpaka nditadziwa dzina lake. Alipo pano amene anayenda njira imeneyi? Kodi munthu amadya nazo? Ndipo chimene chikundivuta kwambiri: kafukufuku wotereyu amafika kwa mlimi ngati bambo anga, kapena amangothera pa shelefu?

Kaufiti77
Achemwali, mverani bambo. Ndili ndi anzanga awiri a masters amene mpaka lero akuyenda ndi maenvulopu mu Lilongwe. Ming'oma 14 ija ifikitseni pa 50, mudzandithokoza.

MayiPhula
Inu a Kaufiti, mwana wafunsa nzeru. Musamutsekere chitseko tsiku loyamba lomwe.

Kaufiti77
Sindikutseka chitseko mayi. Ndikunena zomwe ndaona ndi maso angawa.

GogoMkungudza
Mdzukulu wanga, ine ndinagwira ntchito ya zankhalango zaka zoposa 30. Pa digiri sindinafike, koma ndanyamulira akatswiri ambiri zikwama m'mapiri. Ndikuuze nkhani imodzi yokha, ya mkungudza wa ku Mulanje, ndiye uweruze wekha ngati kudziwa mayina a zomera ndi kusowa kolowera.

Mtengo umenewu kusayansi amautcha Widdringtonia whytei, kutengera dzina la Alexander Whyte, yemwe anayambitsa munda wa zomera ku Zomba mu 1891 ndipo anatumiza zitsanzo zake ku London. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Koma kwa zaka zambiri akatswiri ena ankati mkungudza wamtali uja ndi chinthu chimodzi ndi kamkungudza kena kachitsamba kamene kamameranso paphiri lomwelo, Widdringtonia nodiflora, komwe kamapezeka mpaka ku South Africa. Ukamva choncho ungati ndi mkangano wa m'mabuku. Ayi ndithu. Kachitsambako kakapsa ndi moto kamaphukanso pachitsa. Mkungudza weniweni ukapsa wapita, umabwerera ndi njere basi. Ndiye ukamati ndi mtengo umodzi, udzanena kuti palibe vuto, ulipo wambiri, pomwe weniweniwo ukutha. Ukatolanso njere osasiyanitsa, udzathera zaka ukubzala mtengo wolakwika. Mu 1997 Anton Pauw ndi Peter Linder a ku Cape Town anasonyeza kuti ndi mitundu iwiri, ndipo wamtaliwo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko koma pa Mulanje.

Atakawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itaima. Ndinalira nditamva, chifukwa ine ndinayendamo m'nkhalango zimenezo fungo lake lili guu. Mbande zomwe anthu a m'midzi akhala akubzala pamodzi ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a FRIM, nthambi ya boma yofufuza za nkhalango, zimadalira munthu wodziwa kusiyanitsa mitengo iwiriyi.

Kaufiti77
Agogo ndamva. Koma mitengoyo inathabe akatswiri ali pomwepo.

GogoMkungudza
Inatha ndi macheka, moto, umphawi ndi ziphuphu. Pakanapanda anthu amene anaubzalako kale pa phiri la Zomba, bwenzi lero tikusowa ndi njere zomwe.

Lekichala_waMbewu
Nachisale, ndiyankhe funso lako la "amadya nazo" mosabisa. Ine ndimaphunzitsa pa yunivesite ina kuno kwathu. Ukakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba akhoza kukutenga ngati staff associate, wothandizira aphunzitsi. Ukapeza masters umakhala lekichala, kenako pafunika PhD, ndiye senior lecturer, associate professor, mpaka pulofesa. Pa khwerero lililonse amawerenga mapepala amene wasindikiza m'magazini a sayansi, ophunzira amene wawatsogolera, ndi ndalama za kafukufuku zimene wabweretsa. Ine kuchoka pa digiri yoyamba kufika pa PhD zinanditengera zaka 11. Malipiro amakwana kudya ndi kulipira fizi ya ana, koma kulemera nawo ayi. Ndipo chowawa kwambiri si malipirowo. Ndi kalasi yodzaza mpaka ena kuima panja, labotale yopanda mankhwala, galimoto yopitira kumunda yopanda mafuta. Kafukufuku wako umachita usiku ndi pa holide.

Koma malo si yunivesite yokha. Kuli National Herbarium and Botanic Gardens, yosunga ndi kufufuza zitsanzo za zomera, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987, likulu lake ku Zomba ndi minda inanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kuli FRIM, kuli malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, Bvumbwe, Makoka, Lunyangwa. Za sikolashipu yang'ana RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa, DAAD ya ku Germany, ndi Commonwealth. Poti ndiwe mtsikana, dziwanso za AWARD, imene imalera amayi ofufuza za ulimi mu Africa muno.

Machenjezo awiri. Usavomere mutu wa kafukufuku chifukwa chongoti uli ndi ndalama. Zaka ziwiri n'zambiri ngati funsolo si lako. Chachiwiri, pali timagazini tina timene timakutumizira imelo kuti lipira madola, pepala lako lituluka sabata yamawa. Pepala lotuluka mmenemo limakuipitsira mbiri, ndawaona anzanga akukanidwa kukwezedwa chifukwa cha zimenezi.

Mlangizi_Mchinji
Za shelefu zija ndiyankhe ine poti ndine mlangizi. Kale amayi ankakana chimanga cha haibulidi. Chinali chofewa, ukachikonola mumtondo chimanyenyeka, ufa woyera utuluka pang'ono, ndipo anankafumbwe ankachitha msanga m'nkhokwe. Anthu ophunzira ankati alimi ndi osamva. Zinasintha pamene opanga mbewu ku Chitedze, mothandizana ndi a CIMMYT, bungwe lakunja lofufuza za chimanga ndi tirigu, anamvera amayiwo n'kutulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, chimanga cholimbirako ngati chamakolo. Chimenecho panalibe kukakamiza munthu. Mtedza wa CG7 unatuluka chaka chomwecho, kenako Nsinjiro wopirira kadukutu. Mbatata zofiira m'kati zija, Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Chipika ndi Mathuthu, zinatuluka mu 2011 kuchokera ku ntchito ya ku Bvumbwe. Lero mayi wa ku Kapiri amagula cholowa cha Kadyaubwerere osadziwa kuti pali munthu anathera zaka akuyesa mizere ya mbatata. Wofufuzayo akayamba wamva dandaulo la mlimi, ntchito yake imafika.

MlimiWaNtchisi
Zonsezo ndi chimanga, mtedza ndi mbatata. Nanga ife a njuchi anatifufuzira ndani? Timabuku tomwe tinalandira kumaphunziro tinali ta ku Kenya ndi ku Ulaya. Ndinafunsa wotiphunzitsayo kuti n'chifukwa chiyani njuchi zanga zimathawa mu February ndi mu August, anangoti muzisamala ming'oma. Chaka chatha ming'oma 6 inatsala yopanda kanthu. Linthumbu ndinatchinga, chiuli sichinafike, madzi alipo. Zinangonyamuka.

Nachisale_Dedza
A Ntchisi, dandaulo lanulo ndi la bambo anga ndendende. Nawonso zimawathawa miyezi imeneyo.

Mlangizi_Mchinji
Za February mwina ndi mankhwala. Chibwerere mbozi za ntchemberezandonda m'nyengo ya 2016 ndi 2017, anthu akupopera chimanga kwambiri, ena masana dzuwa lili nye, pamene njuchi zikutola mungu pa ngayaye. Timawauza kuti azipopera madzulo, koma si onse amamva.

MlimiWaNtchisi
Mankhwala amapha, umapeza zakufa pakhomo pa mng'oma. Zanga sizife, zimasamuka zonse ndi mfumukazi yomwe.

Lekichala_waMbewu
Ndiye n'kutheka kuti ndi njala. Chimanga chimapatsa njuchi mungu koma timadzi totsekemera chilibe. Munda ukhoza kukhala wobiriwira kuti biriwiri njuchi zili ndi njala. Ndipo njuchi zathu, Apis mellifera scutellata, zikaona kuti chakudya chatha sizidikira ngati za ku Ulaya zimene zinazolowera kusunga uchi wa m'chisanu, zimangosamuka. Koma taonani, ndikuti n'kutheka. Kuti tinene motsimikiza pafunika munthu woti alembe mwezi ndi mwezi kuti pa Ntchisi kapena pa Dedza chikuchita maluwa n'chiyani, njuchi zikupita pa chiyani, mng'oma ukulemera kapena kupepuka bwanji. Nachisale, mutu uja aphunzitsi ako akupatsa ndi umenewu.

WakuChipata
Muli bwanji abale a ku Malawi. Ine ndinagwirako ntchito ku North-Western Province kuno ku Zambia, chigawo cha Kabompo ndi Mwinilunga. Uchi wambiri kumeneko umachoka m'ming'oma ya makungwa yopachika m'mitengo, ndipo umagulitsidwa mpaka ku Ulaya. Akuluakulu a kumeneko kalendala ya maluwa ili m'mutu. Amadziwa kuti mombo ndi abale ake amachita maluwa dzuwa likamatentha, September mpaka November, ndiye kukolola kumabwera mvula ikamayamba. Mtondo umachita maluwa mvula ikamatha, uchi wake amakolola cha mu May ndi June. Uchi wa nyengo ziwirizi umasiyana mtundu ndi kakomedwe. Munthu wosapita kusukulu amakuuza zonsezi, koma akamwalira zimapita naye.

Kaufiti77
Ming'oma ya makungwa imapha mitengo. Ukasenda khungwa kuzungulira, mtengo wauma.

WakuChipata
Zoona, mtengo umodzi umafa. Koma mng'omawo umakhala zaka zingapo, ndipo mwini wake amateteza nkhalango yonse ku moto ndi kwa otcha makala, chifukwa ndi munda wake. Pitani mukaone komwe kuli ming'oma ndi komwe kulibe, muone kumene kwatsala mitengo.

GogoMkungudza
Kwa anzathu ku North-Western nkhalango ndi yaikulu, anthu ndi ochepa. Kuno ku Dedza ukalola makungwa, phiri litha chaka chimodzi. Zonse ziwiri n'zoona, malo ndi amene akusiyana.

MayiPhula
Ine ndimagwiritsa ming'oma ya timatabwa ta pamwamba, ya Kenya ija. A Kaufiti mukunyoza kafukufuku, komatu mng'oma umenewu ndi kafukufuku wokhawokha. Unakonzedwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 ndi akatswiri a University of Guelph ya ku Canada pogwira ntchito ndi a ku Kenya. Chinsinsi chake chili pa kukula kwa kathabwa: kwa njuchi zathu ndi mamilimita 32 kapena 33, za ku Ulaya zimafuna 35 chifukwa ndi zazikulupo. Kalipentala wanga woyamba anadula mwa diso, timatabwa tina 40, tina 28. Njuchi zinamanga zisa zopingasa, kathabwa kamodzi osanyamulika popanda kuthyola zinzake. Ndinataya nyengo yathunthu chifukwa cha mamilimita. Ngakhale mng'oma wa mabokosi uja, Langstroth anaulembetsa mu 1852 atazindikira kampata kamene njuchi zimasiya kuti zizidutsapo, kosakwana sentimita imodzi.

Mayi_wa_Area25
Pepani ndilowetseko yanga poti pali akatswiri. Ndinagula uchi m'botolo pamsewu, pano wauma ngati shuga. Kodi anandinamiza?

MayiPhula
Ayi mayi, uchi weniweni umagwirana, makamaka wa mpendadzuwa, komanso kukazizira. Ikani botolo m'madzi ofunda, usungunuka. Osauwiritsa.

Kaufiti77
Yesani ndi machesi. Mukaviika n'kuyaka ndiye weniweni.

Lekichala_waMbewu
Za machesi sizitsimikizira kanthu achimwene, manyuchi a shuga okhuthala amayakanso. Chimene amayesa ogula akuluakulu choyamba ndi madzi. Muyeso wa dziko lonse wa Codex umati asapitirire 20 pa 100 alionse, ndipo pali kachida kotchedwa refractometer koyezera ndi dontho limodzi. Uchi wokolola zisa zisanatsekedwe ndi phula umakhala ndi madzi ambiri, umachita thovu n'kusasa.

MayiPhula
Ndipo phula musamataye abale! Anthu amafinya uchi n'kutaya zisa kudzala, pomwe ine phula limandilipirira fizi ya mwana. Makandulo, mafuta odzola, polishi.

Woyang'aniraGulu
Tibwerere ku funso la Nachisale. Za uchi wachinyengo tsegulani nkhani yake payokha.

Mlendo_ku_Leeds
Nachisale mng'ono wanga, ine ndikumaliza PhD kuno ku Britain, pa zomera za m'mapiri a kwathu. Ndikulimbikitsa kuti upite, koma ndikuuze chimene palibe anandiuza.

Tsiku loyamba kulowa mu herbarium ya ku Kew, nyumba yosungira zitsanzo za zomera zouma ku London, ndinatsegula mafayilo a zomera za ku Zomba, Mulanje ndi Nyika. Masamba ouma, ena azaka zoposa 100, osungidwa bwino kwambiri. Pa kapepala kalikonse pali dzina la wotola, nambala yake, tsiku ndi malo. Nthawi zina pali ndi dzina la Chichewa kapena la Chiyao la chomeracho, ndi mawu akuti anthu amachiza nacho chakuti. Ndinadzifunsa: anamuuza ndani dzina limeneli? Anamuonetsa njira ndani? Munthu ameneyo papepala palibe. Ntchito yaikulu yolemba zomera za dera lathu, Flora Zambesiaca, inayamba kutuluka mu 1960, ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, ndipo ndi chuma chenicheni, sindingagwire ntchito popanda iyo. Koma mayina a kwathu pakati pa olemba ake ndi owerengeka. Ndimanyadira ndikaona ntchito ngati ya Pulofesa James Seyani, amene anasanthula mitengo ya mtundu wa Dombeya mu Africa yonse ndipo anatsogolera herbarium yathu ya ku Zomba. Mwa njira, Dombeya ndi mtengo umene njuchi zimaukonda, uuike pa mndandanda wako.

Zinandichitikira inenso. Ndisanabwere kuno ndinathandiza gulu lina la ofufuza ochokera kunja kwa miyezi 5. Ndinatola zitsanzo, ndinamasulira mafunso, ndinalemba manambala onse mu kompyuta. Pepala litatuluka, dzina langa linali kumapeto pa zothokoza, osati pa olemba. Pofunsira sikolashipu zothokoza sawerenga. Choncho musanayambe ntchito ndi aliyense, gwirizanani molemba kuti olemba pepala adzakhala ndani. Chitsanzo chilichonse chimene watola, china chitsale ku Zomba. Ndipo zotuluka kunja zikhale ndi chilolezo. Pali pangano la Nagoya la 2010 lonena za kugawana phindu la zachilengedwe, uliwerenge.

Lekichala_waMbewu
Mlendo, zimene wanenazo n'zoona, koma tisaloze kunja kokha. Ifenso timachita zomwezo. Ndi mapepala angati a ife Amalawi amene ali ndi dzina la tekinishani amene anazindikira zomera zonse? Ndi angati amene tinabwerera kumudzi kukanena zomwe tinapeza? Ine ndili ndi pepala la mankhwala azitsamba lomwe nzeru zake zinachokera kwa amayi atatu achikulire. Awiri anamwalira ndisanabwerereko. Zimandipweteka mpaka lero.

GogoMkungudza
Ine dzina langa silinalembedwepo pa pepala lililonse. Ndinkadziwa kuti duwa lakuti limamera kuseri kwa mwala uti, mwezi uti. Ankandipatsa alawansi ya tsiku n'kundithokoza bwinobwino, ndipo ena anali anthu abwino zedi, tinkadyera mbale imodzi. Sindinkadziwa kuti pali china choti ndikanafunsa. Ndadziwa ndili wokalamba.

MayiPhula
Agogo, mwandikhudza.

Wa_Namwera
Poti mukukamba nzeru za akuluakulu. Agogo anga aamuna ankasaka uchi ndi mbalame, ife Ayao timati sego. Amaiitana, iyo imabwera ikulira, imauluka mtengo ndi mtengo mpaka pamphako pamene pali njuchi. Iwo amatenga uchi, mbalame amaisiyira phula. Kusukulu nditanena anandiseka kuti ndi nthano. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake anasindikiza kafukufuku amene anachita ndi osaka uchi a Chiyao ku Niassa, ku Mozambique, tsidya lina la malire. Anapeza kuti munthu akamaitana ndi kulira kuja kwa "brrr-hm", mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa maulendo 100 alionse, poyerekeza ndi phokoso wamba. Mu 2023 anasonyezanso kuti mbalame za ku Niassa zimamvera kwambiri kuitana kwa Ayao, za ku Tanzania zimamvera likhweru la Ahadza. Ndiye kuti mbalame imaphunzira chinenero cha anthu a dera lake. Zinatuluka mu Science, imodzi mwa magazini akuluakulu a sayansi padziko lonse. Agogo anga ankazidziwa kalekale. Chimene chinasowa ndi mdzukulu woti ayeze n'kulemba.

Kaufiti77
Chabwino. Nanga bwanji osangoitanitsa njuchi zofatsa zakunja, zosathawathawa, m'malo mothera zaka kuwerenga maluwa?

Mjoni_waBenoni
Achimwene, zimenezo musayerekeze. Kuno ku South Africa cha mu 1990 alimi anasamutsa njuchi za ku Cape kupita nazo kumpoto. Njuchi za ku Cape zili ndi khalidwe lachilendo, yantchito wamba imatha kuikira mazira otulutsa zazikazi popanda yamphongo. Zinalowerera m'ming'oma ya njuchi ngati zathuzi, n'kumaikira mazira osagwira ntchito, ming'oma zikwizikwi inafa. Vutoli mpaka lero lilipo, ofufuza a ku University of Pretoria akhala nalo zaka zonsezi. Zimenezo zinali njuchi za dziko limodzi lomwelo, kungosintha chigawo.

Mlendo_ku_Leeds
Ndipo zinachitikanso mobwerera. Mu 1956 Warwick Kerr anatenga njuchi za ku Africa kupita nazo ku Brazil, chaka chotsatira magulu 26 anathawa, n'kufalikira mpaka kufika ku United States mu 1990. Njuchi zathu n'zolimba, zimapirira tizilombo ta varroa kuposa za ku Ulaya zomwe alimi kuno amazithira mankhwala chaka ndi chaka. Tisazisinthe, tizidziwe.

MwanaWaKasungu
Kodi n'zoona kuti njuchi zimathamangitsa njovu? Kwathu kufupi ndi paki sitikugona.

Lekichala_waMbewu
N'zoona. Ndi ntchito ya Lucy King ku Kenya, PhD yake ya ku Oxford. Ming'oma imapachikidwa kuzungulira munda, yolumikizidwa ndi waya. Njovu ikagunda waya ming'oma imagwedezeka, njuchi n'kutuluka, ndipo njovu zimaopa kulumidwa m'chitamba ndi m'maso. Koma mpandawo umagwira ntchito bwino ming'oma ikakhala ndi njuchi. Zikasamuka chifukwa cha njala, watsala ndi mabokosi. Mwaona, tabwereranso pa funso la maluwa lija.

Kaufiti77
Ndavomera kuti funsolo ndi lofunika. Chimene sindinamve ndi chakuti mtsikanayu adzadya chiyani akamaliza. Anzanga aja akadali ndi maenvulopu.

Lekichala_waMbewu
Sindingamulonjeze ntchito, ndinganame. Koma iye ali ndi chimene anzanuwo alibe: ming'oma 14 ndi bambo odziwa nkhalango. Ntchito ikachedwa sakhala manja lende. Ndipo odziwa kuzindikira zomera m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ambiri akupuma. Msewu, mgodi kapena damu zisanayambe pamafunika lipoti la zachilengedwe, ndipo amasowa munthu wotchula mitengo molondola. Minda ya makadamiya ku Thyolo, Ntchisi ndi Mzimba imafuna njuchi kuti mtedza ubereke bwino. Sindikuti ndi njira yosalala.

Nachisale_Dedza
Zikomo nonse, ndachedwa kuyankha chifukwa cha netiweki. Loweruka ndinawawerengera bambo zonse zimene mwalemba. Za a Ntchisi anangogwedeza mutu. Za Agogo anakhala chete nthawi yaitali. Lamulungu m'mawa anandidzutsa kuti tiye kuphiri. Tinayenda mpaka masana, iwo akuloza, ine ndikulemba. Ananditchulira mitengo ndi zitsamba 23 zimene njuchi zimapitako, ndi mwezi wake: mombo, tsamba, msuku, muula, matowo, mlombwa, mango a m'mudzi, bulugama wa kusukulu. Anati nsangu wa kudambo ndi umene umazisunga mvula ikatha, chifukwa umachita maluwa pamene ina yayamba kuyoyola. Zitsamba 5 akuzidziwa ndi maso koma dzina alibe, ndipo ine ndi digiri yangayi sindinazidziwenso. Ananenanso kuti pali mtengo wina unali wambiri ali mnyamata, unkachita maluwa mu August, pano watha ndi makala. Mwina n'chifukwa chake zikuthawa mwezi umenewo.

Ndifunsira sikolashipu, koma ndilemba kuti kafukufuku ndidzachitire kuno, pa ming'oma yathu ndi ya anansi. Bambo sanavomere ndi pakamwa, angoti kope lija ndisalinyowetse. Agogo, zitsamba 5 zija ndizisunge bwanji kuti ndikafunse ku Zomba?

GogoMkungudza
Mdzukulu wanga, tenga kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa, zipatso ngati zilipo. Masamba okha savomereza, amanamiza. Kakhale kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja. Kayale bwino pakati pa nyuzipepala, tsamba limodzi ulitembenuze kuti kunsi kuoneke. Ika makatoni pamwamba ndi pansi, kanikiza ndi matabwa awiri, manga ndi lamba kapena tsindika ndi njerwa. Nyuzipepala uzisintha tsiku ndi tsiku mpaka ziume, ukachita ulesi zichita nkhungu nyengo ino. Chomera chilichonse dula zitsanzo zitatu.

Kope ndiye lofunika kuposa chomeracho. Yamba ndi nambala 1, ndipo nambala imeneyo usadzaibwerezenso moyo wako wonse. Lemba tsiku, malo, kutalika kwa mtengo, mtundu wa duwa lisanaume, fungo, khungwa, ngati ukutuluka utomoni, ndi nthawi imene unaona njuchi. Pa mzere wa wotola ulembe dzina lako ndi la bambo ako.

Mlendo_ku_Leeds
Onjeza malo a GPS a pafoni, ndipo ujambule duwa lisanathotholedwe. Ukalemba pempho la sikolashipu nditumizire ku inbox ndiliwerenge lisanapite.

Kaufiti77
Ming'oma ija muonjezebe achemwali. Ngakhale 5 chaka chino. Timatabwa ndikudulirani ine, 32 yeniyeni, ndili ndi makina ku Kawale.

MlimiWaNtchisi
Nachisale, ine ndili ndi kope la zaka 4, ndinkalemba tsiku limene njuchi zalowa, tsiku zathawa, ndi makilo a uchi pa mng'oma uliwonse. Maluwa sindinkalemba, ndiyamba mawa. Ndiuze mizere yake kuti tizilemba mofanana.

Nachisale_Dedza
Tsiku, dzina la mtengo, wayamba maluwa kapena uli pakati kapena ukutha, njuchi zambiri kapena zochepa, zikutuluka ndi mungu kumiyendo kapena ayi. Lachisanu lililonse, njira imodzimodzi. Masamba a kope lanu lakale lija mujambule munditumizire, kuyambira a February.